Dzira Losalala m'Dzenje la Manyowa

1. Kugogoda kwa m'mawa

M'nyumba muja tsiku linkayamba ndi kugogoda. Go, go, go, pang'onopang'ono, m'mphepete mwa tebulo la kukhitchini. Amenewo anali amayi akuswa dzira lowiritsa loti mwana wawo atenge kusukulu.

Mwanayo aliyense ankamutchula kuti Kanyerere. Dzinali anamupatsa ndi bambo ake akadali wokwawa, chifukwa ankatola nyenyeswa iliyonse yogwa pansi n'kuiponya m'kamwa. Tsopano anali mtsikana wa m'kalasi lomaliza la pulayimale, koma dzinalo linamutsatira mpaka kusukulu.

Amayi ake anali telala, koma makina awo osokera tsopano anali pakona atafunditsidwa nsalu. Chaka chathacho anagwa ali pa makinapo, ndipo pochokera kuchipatala anabwera mbali yakumanja itafooka. Mwendo unkakokeka, dzanja linkangolendewera, ndipo mawu ankatuluka modukaduka ngati madzi a pampopi wotsala pang'ono kuuma.

Ntchito zambiri za pakhomo anazitenga bambo, amene anali kalipentala. Koma ntchito imodzi amayi anakana kuipereka kwa munthu: kulongedza kamba wa mwana wawo. Bambo ankawiritsa dzira asanapite kuntchito, ndipo amayi ankakhala pa tebulo n'kuyamba kulimbana nalo ndi dzanja lamanzere.

Dzira losendedwa ndi dzanja limodzi silioneka bwino. Linkatuluka lokumbikakumbika, pena ndi tizigoba tomatirira, pena ndi chidindo cha chala. Buledi nayenso ankadulika mokhota, uku konenepa uku kopyapyala. Zonsezo amayi ankazikulunga m'kansalu ka maluwa kamene anasoka okha asanadwale, n'kuziika m'kontena yobiriwira.

Kanyerere akaweruka ankawapeza ali pa mpando wa pafupi ndi zenera. Asanavule n'komwe nsapato, iwo ankatambasula dzanja. Kontena ija ankaipana ndi mawondo n'kuitsegula, ndipo akaona kuti mulibe kanthu, theka la nkhope yawo linkamwetulira.

"Wa-tha," ankatero.

"Ndatha, amayi."

"Zi-ko-mo, A-mbu-ye."

Chimene amayi sankadziwa n'chakuti kamba uja anali atasiya kalekale kufika m'mimba mwa mwana wawo.

2. Ndowa zitatu

Pakhonde la kalasi la Kanyerere panali ndowa zitatu. Anaziikapo ndi aphunzitsi a zaulimi, bambo wamtali wa chipewa chakutha, amene ana ankawatchula kumbali kuti a Manyowa. Iwo ankalidziwa dzinalo ndipo sankakwiya nalo.

"Dzina laulemu limenelo," ankatero. "Popanda ine, kabichi sakula."

Ndowa yoyamba inali ya makoko a zipatso ndi zigoba za mazira. Yachiwiri inali ya mapepala, amene ankawang'amba n'kuwasakaniza ndi masamba ouma. Zonsezi zinkapita kudzenje la manyowa, kuseri kwa dimba la sukulu. Yachitatu inali ya mabotolo a pulasitiki. Amenewa ankawadula pakati n'kufesamo mbewu, moti mwana aliyense anali ndi botolo lake la mbande ya tomato pa thandala la pafupi ndi dzenjelo.

Aphunzitsiwo sankatopa kubwereza lamulo lawo limodzi.

"Ana inu, dzenje lija si dzala ayi. Limadya makoko, masamba ndi mapepala basi. Chakudya chophika musaponyemo. Chikakukanikani kumaliza, chibwezereni m'kontena, mupite nacho kwanu. Amene amakulongedzerani aone ndi maso ake chimene mwasiya. Akaona kuti mukusiya theka, mawa adzaika theka, ndipo theka linalo lidzakhutitsa wina pakhomo. Koma mukabwerera ndi kontena yoyera pamene simunadye, mwamunamiza munthu amene anakudzukirani m'mawa. Mwandimva?"

"Takumvani, aphunzitsi!"

Kanyerere naye ankayankha limodzi ndi anzake, maso ali pansi.

Zake zinayamba tsiku lina pa nthawi ya buleki. Anatsegula kontena atakhala pafupi ndi mtsikana wina amene ankamutchula kuti Mfumukazi, yemwe kamba wake ankabwera m'mapaketi onyezimira a m'sitolo. Mfumukazi anasuzumira, n'kuwomba m'manja.

"Anzanga, tabwerani mudzaone! Dzira la Kanyerere layamba lalawidwa ndi khoswe kunyumba!"

"Si khoswe ameneyo," anatero Wailesi, mnyamata amene pakamwa pake sipankatsekeka. "Lachita ngozi ya galimoto limeneli. Itanani ambulansi!"

"Kwanu amasendera mano eti?" anawonjeza Mfumukazi. "Taonani, mpaka chala chadinda. Ine sindingadye, ndingasanze."

Khonde lonse linaphulika ndi phwete. Kanyerere anaseka nawo pang'ono, kenako anatseka kontena. Za amayi ake sanatchule. Kusukulu kuja panalibe mwana amene ankadziwa kuti amayiwo anadwala motani.

Kuyambira tsiku limenelo anadzipereka kuti azinyamula ndowa ya makoko kupita nayo kudzenje nthawi ya buleki. Aphunzitsi anamuyamikira pamaso pa anzake kuti ndi mwana wakhama. Iye akafika kudzenjeko ankakhuthula ndowa, n'kutulutsa kontena imene ankaibisa m'juzi, n'kukutumulira kamba yense m'dzenjemo. Pamwamba ankakwirirapo masamba ouma.

"Sindikutaya ayi," ankadziuza. "Zikhala manyowa."

M'mawa wina kugogoda kuja kunatenga nthawi yaitali kuposa masiku onse. Kanyerere anali atavala kale yunifolomu, chikwama chili kumsana. Atasuzumira kukhitchini anaona amayi atamufulatira, atawerama pa tebulo, akupuma movutikira. Bambo anali asanapite kuntchito. Anangoima pafupi ndi mbaula, chipewa chili m'manja, ngati ali m'tchalitchi.

"Amayi, ndichedwatu ine! Atseka geti!"

Bambo anaika chala pakamwa. Kanyerere anatsonya motsitsa n'kukaima panja.

Pamene amayi ankamupatsa kontena, pamphumi pawo panali thukuta, koma maso awo ankawala.

"U-ka-o-ne," anatero.

"Ndamva," anayankha iye, ali kale pa geti.

Pa buleki anakutumula kansalu kaja m'dzenje maso ali kunjira, kuopa kuti wina angamupezerere. Sanaone chimene chinagwa. Anakwirira masamba n'kubwerera m'kalasi mimba ikulira.

3. "Waona?"

Masana amenewo amayi sanadikire pa mpando. Anawapeza ataima pakhomo, atatsamira ndodo yawo. Anatsegula kontena, anaona kuti mulibe kanthu, koma sananene mawu awo a masiku onse.

"Wa-o-na?"

"Ndaona, amayi. Linali lokoma."

"Lo-sa-la-la?"

Kanyerere sanamvetse funsolo, koma anagwedeza mutu. "Eee, losalala."

Amayi anaseka. Chidwalireni, aka kanali koyamba kuti aseke mokweza. Kuseka kwake kunali kopotoka, kosakanikirana ndi misozi. Anamukokera mwana wawo pachifuwa ndi dzanja lamanzere n'kumugwira nthawi yaitali.

Madzulo Kanyerere ali kutsuka mbale kuseri kwa nyumba, bambo anabwera n'kukhala pa chidebe chovundikira. M'tsitsi mwawo munali mukadali utuchi wa matabwa. Anatenga nsalu n'kuyamba kumupukutira mbale.

"Kanyerere, ukudziwa chimene chachitika m'nyumba muno lero?"

"Ayi, abambo."

"Anamwino amene amawachititsa amayi ako mafizo olimbitsa thupi aja anati dzanja lodwalalo azilipatsa tintchito ting'onoting'ono, kuti likumbukire. Ayesa mabatani, ayesa supuni, ayesa singano, zonse kumangogwa. Amalira iwe ukapita kusukulu, chifukwa safuna kuti uwaone. Ndiye lero dzira lija alisenda ndi dzanja lamanja, poyambira mpaka pomaliza, osalikumba ngakhale pamodzi. Ine ndinaima poteropo kuopa ngakhale kutsokomola. Atamaliza ndinati, 'Amake mwana, limeneli idyani nokha, ndi mphotho yanu.' Anandiyang'ana ngati ndawatukwana."

Bambo anaseka pang'ono, kenako anapukuta m'maso ndi nsalu ya mbale ija.

"Ndikuuze china, poti wakula. Mazira amenewa anamwino anati azidya iwowo, kuti thupi libwerere. Poyamba munkagawana, lero iwe, mawa iwo. Nthawi imeneyo unkabwera ndi timakoko ta buledi m'kontena. Koma ataona kuti ikubwera yoyera tsiku ndi tsiku, ngakhale nyenyeswa osatsala, anati mwana akuswera ndi njala, mazira onse azipita kusukulu. Ndawanyengerera, akana. Ndiye mwanangu, chimene umanyamula m'kontenamo si buledi ndi dzira chabe. Muli tulo ta amayi ako, muli mphamvu zawo. Ukamatsegula uziyamba wapemphera, uziwatchula kwa Mulungu. Usamadye mothamanga ngati chakudya chotola panjira."

Kapu imene inali m'manja mwa Kanyerere inapulumuka n'kugwera m'beseni.

"Bwanji?"

"Sopo, abambo. Ikuterera."

Bambo anamusisita pamutu n'kulowa m'nyumba. Iye anatsala akutsuka kapu imodzi yomweyo mpaka madzi anazizira.

4. Tsiku lotembenuza manyowa

M'mawa mwake linali tsiku lotembenuza manyowa. Kalasi lonse linapita kudimba, aphunzitsi ali patsogolo ndi fosholo paphewa. Woyamba kufika pa thandala anali Wailesi, ndipo anagwira m'mutu.

"Mayo ine, tomato wanga! Ndinali nditamupatsa kale dzina!"

Mabotolo ambiri anali atagudubuzika, dothi litamwazika. Mbande zinali zitadulidwa, kutsala timitengo tokha. M'mbali mwa dzenje munali mauna atsopano, ndipo pansi ponse panali zitosi za makoswe.

Aphunzitsi analunjika kudzenje. Analowetsa fosholo m'dzenje n'kutembenuza. Fungo limene linatuluka silinali la dothi lonyowa lija ana analizolowera. Linali fungo la chinthu chowola. Anatembenuzanso, ndipo panaoneka zidutswa za buledi wa nkhungu. Ulendo wachitatu anatukula fosholo pang'onopang'ono. Pamwamba pake panali dzira losenda, lolumidwa mbali imodzi, nyerere zikuyendapo.



"Makoswe sindikuwaimba mlandu," anatero aphunzitsi. "Anaitanidwa, ndipo anabwera. Atatha zimene anawaitanira, anakwera pa thandala. Mbande tidzafesa zina, zimenezo sizikundipweteka kwambiri. Chikundipweteka ndi ichi chili pa fosholopa. Ana inu, khoko la nthochi likalowa m'dzenje muno, ntchito yake linaimaliza kale, ndipo tikungolipatsa ntchito yachiwiri. Koma dzira lathunthu likalowa muno, ntchito yake yoyamba silinaigwire. Amenewo si manyowa ayi, kumeneko n'kutaya kovala jekete. Pali munthu amene anadzuka kukadali chisisira, anayatsa moto, anasenda dzira ili. Panopa ali kunyumba kapena kuntchito, mtima uli m'malo, akuti mwana wanga wakhuta. Sindikwapula munthu lero. Ndikungofuna mwini wake adziwe kuti amene walakwiridwa kwambiri sindine, ndipo si tomato."

"Amene amanyamula ndowa ndi Kanyerere, aphunzitsi," anatero Mfumukazi.

Maso onse anatembenukira kwa iye. Koma Wailesi analumphira kutsogolo.

"Aaa, ayi, musamunamizire mnzanga! Mazira a Kanyerere timawadziwa ife, amakhala ochita ngozi. Ili taonani, n'losalala ngati dazi la amalume anga!"

Ana anaseka. Ngakhale Mfumukazi anavomereza.

"Zoonadi, ndalakwitsa. Kwawo sangasende chonchi."

Aphunzitsi anayamba kutsitsa fosholo. Nkhani inali itamudutsa Kanyerere. Akanangokhala chete, belu likanalira, ndipo palibe amene akanamufunsanso.

Koma iye anali akuyang'ana dzira lija. Aka kanali koyamba kuliona. Kupatula pamene panaluma khoswe, linali lozungulira bwino, lopanda chokumbika, lopanda chigoba, lopanda chidindo cha chala.

"Ndi langa," anatero.

Mawuwo anatuluka otsika, moti aphunzitsi anapendeka mutu.

"Wati chiyani, mwanangu?"

"Ndi langa, aphunzitsi. Ndi buledi yenseyo. Anasenda ndi amayi anga." Anatembenukira kwa Mfumukazi. "Amayi anga anafa mbali imodzi. Mazira aja munkawaseka ankasenda ndi dzanja lamanzere. Ili anasenda dzulo ndi dzanja lodwalalo. Ndi loyamba. Anandiuza kuti ndikalione, ine sindinalione."

Atatero anagwada m'mphepete mwa dzenje n'kubisa nkhope m'manja. Panalibe amene anaseka. Mfumukazi anayang'ana nsapato zake. 

Aphunzitsi anavula chipewa. Kenako anauza ana ena kuti atole mabotolo n'kubwerera m'kalasi.

5. Theka

Pa buleki, ndowa ya makoko ananyamula mwana wina. Aphunzitsi anamuitana Kanyerere pa benchi la pafupi ndi dimba, n'kumuuza kuti abwere ndi kontena yake.

"Mlandu wa mbande ndi wanga," anatero. "Uzitsala ukaweruka, tizifesa limodzi mpaka botolo lililonse lidzakhale ndi tomato. Umenewo watha. Koma mlandu winawo mwini wake sali pasukulu pano. Ine sindipita kukawauza, ndipo sindikukakamiza. Ndingokuuza chimene ndaona pa zaka zanga. Munthu wodwala anthu amakonda kumubisira zinthu, amati tikumumvera chisoni. Koma iye akadzazindikira, chimene chimamupweteka si nkhani imene anamubisirayo. Chimamupweteka n'chakuti anthu a m'nyumba mwake anasiya kumuwerengera ngati munthu wamkulu. Amayi ako dzanja ndi limene linafooka, mutu wawo ulipo. Akamva adzalira, zimenezo usayembekezere zina. Koma ukapitiriza kuwapatsa kontena yonama, adzapitiriza kudzimana. Tsegula, tione za lero."

Kanyerere anafunyulula kansalu. Dzira la tsiku limenelo linali lokumbika mbali imodzi. Dzanja lija linali litatopa ndi ntchito ya dzulo lake.

Aphunzitsi anatsinzina, ndipo iye anatsinzina nawo. Pemphero lawo linali lalifupi: anathokoza chifukwa cha chakudya ndi manja amene anachikonza. Atatero ananyamuka n'kupita kukatola fosholo yawo.

Kanyerere analuma kamodzi. Ali mkati motafuna, wina anakhala pambali pake. Anali Wailesi.

"Iwe, ambulansi ija ndinkangocheza," anatero akukanda m'mutu. "Sindinkadziwa."

"Ndikudziwa."

"Tandigawireko pang'ono, ndilawe." Ananyema kachidutswa ka mbali yokumbika ija n'kutafuna mofatsa ngati woweruza mpikisano. "Ukawauze amayi kuti mchere wokha ndi umene ukuchepa. Kwinaku ndawapatsa mamalikisi onse."

Kanyerere anaseka misozi ili m'masaya. Anadya theka la buledi. Theka linalo linamukanika, ndipo analikulunga m'kansalu n'kulibwezera m'kontena.

6. Kontena yolemera

Amayi anali pa mpando wawo wa pazenera. Atangoilandira kontena anamva kuti ikulemera, ndipo anamuyang'ana mwana wawo. Anatsegula n'kuona theka la buledi.

"Wa-dwa-la?"

"Ayi, amayi."

Kanyerere anagwada pafupi ndi mapazi awo. Anafotokoza zonse, kuyambira tsiku limene anzake anamuseka mpaka za makoswe. Sanabise kuti anachita manyazi. Atafika pa dzira la dzulo, anawayang'ana kumaso.

"Ndinakunamizani kuti ndaliona. Ndaliona lero, lili pa fosholo. Linali losalaladi, amayi. Anzanga anakana kuti si lakwathu, ine ndinawauza kuti munasenda ndinu. Pepani. Ndikhululukireni."

Amayi sanakalipe. Anayang'ana dzanja lawo lamanja limene linali pamwendo, analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako analinyamula ndi lamanzere n'kulibisa pansi pa juzi.

"Ma-nya-zi," anatero motsitsa. "Ndi i-ne."

"Ayi, amayi! Si inu, ndine wolakwa!"

Koma iwo anali atatembenukira kuzenera. Anatseka kontena, anaiika pansi, n'kutenga ndodo. Kanyerere anafuna kuwagwira kuti awadzutse, koma anapukusa mutu. Anadzuka okha, analowa kuchipinda, ndipo chitseko chinatsekeka popanda phokoso.

Bambo atabwera anamva nkhani yonse ataimirira, chikwama cha zipangizo chikadali paphewa. Sanamumenye, sanamutukwane. Anangoti, "Kanyerere, Kanyerere," ngati akufunsa kumene linapita dzinalo.

Chakudya chamadzulo anadya awiri. Mbale ya amayi inabwerako kuchipinda ili chivundikirire. Theka la buledi lija bambo analitulutsa m'kontena, analinyema pawiri, n'kumupatsa mwana wawo mbali imodzi. Popemphera anangoti, "Ambuye, m'nyumba muno mwasweka chinthu chimene ine kalipentala sindingathe kulumikiza. Tithandizeni." Ameni wa Kanyerere sanamveke.

7. M'mawa wopanda kugogoda

M'mawa mwake Kanyerere anadzuka msanga n'kutchera khutu. Anamva bambo akuyatsa mbaula. Anamva madzi akuwira. Anadikira, koma kugogoda kuja sikunamveke.

Atavala analowa kukhitchini. Pa mpando wa amayi panalibe munthu. Kontena inali pa tebulo. Ataitsegula anapeza buledi wodulidwa mowongoka, kudula kwa kalipentala, ndi dzira losasenda. Kansalu ka maluwa munalibe.

Anaima pomwepo, kontena ili m'manja, mpaka anamva ndodo ikugunda pansi kumbuyo kwake.

Amayi anali atavala diresi yawo ya buluu, imene anaisoka okha ndipo sanaivalenso chichokereni kuchipatala. Kuphazi kunali nsapato zomanga zingwe, tsitsi litapesedwa bwino. Kansalu ka maluwa kaja kanali katapindidwa, kakusuzumira m'thumba la diresiyo. Bambo anali kumbuyo kwawo, nkhope ili yakugwa.

"Ndawaletsa, akana," anatero bambo. "Ndati ndiwaperekeze, akananso. Akuti apita ndi iwe."

"Kuti, amayi?"

"Ku-su-ku-lu."

 Chidwalireni, amayi anali asanadutsepo geti la pakhomo, kupatula masiku opita kuchipatala.

"Kukatani, amayi? Ndi kutali, mutopa."

"Ku-dze-nje," anatero iwo, osamuyang'ana. "Ndi-ka-o-ne dzi-ra la-nga."

Anatuluka pang'onopang'ono, ndodo patsogolo, mwendo ukukokeka pambuyo. Bambo anatsegula geti n'kuima pambali. Mumsewu munali mutadzaza kale ana a yunifolomu, ndipo pamphambano Kanyerere anaona gulu la a m'kalasi mwake. Mfumukazi anali atatembenuka, akugunda mnzake ndi chigongono.

Amayi anaima pa geti. Dzanja lamanzere linali pa ndodo. Limene linatsala linali lamanja, ndipo analitukula pang'ono pamaso pa msewu wonse.

Kanyerere anaika kontena m'chikwama n'kuligwira dzanjalo. Zala za amayiwo zinali zozizira, ndipo sizinamugwire mobwezera. Amayi anaponda mumsewu.